ASANAGULE MALIMU ONYEZIMIRA, AYAMBE AWERENGA MANAMBALA A PA TAYALA

Caka ndi caka, pa nyengo ya malonda a mbeu, pamene alimi a m'Cigawo ca Kum'mawa alandira ndalama za cimanga, fodya, thonje, nshawa ndi soya, pamaoneka cizolowezi cimene ciri kukula pakati pa eni magalimoto, maka-maka acinyamata. Munthu akangogwira ndalama zokwanira athamangira ku masitolo a ku Chipata, ku Petauke kapena ku Lusaka kukagula malimu akulu onyezimira, nacotsa mawilo amene galimoto inabwera nao. Wogulitsa amfunsa funso limodzi lokha, lakuti afuna mainchi angati, ndipo akayankha kuti 17, malonda atha pomwepo. Za tayala limene lidzavala limulo amazilingalira pambuyo pake, ndalama zitacepa kale, ndipo kawiri-kawiri amangotenga liri lonse limene lalowa.

Kukongoletsa galimoto si mlandu ai. Munthu amene anakhetsa thukuta lake m'munda ali nao ufulu wakukondwera ndi zipatso za nchito yake. Koma ncofunika kuti mwini galimoto ali yense adziwe kuti limu ndi tayala ndi zinthu ziwiri zimene akatswiri opanga galimoto anaziyesa pamodzi, molingana ndi kulemera kwa galimotoyo, mabuleki ake ndi malo amene wilo lizungulamo. Wosintha cimodzi ayenera kusankha cinzake mwa kuwerenga manambala, ndipo asaiwale mseu umene galimotoyo idzayendamo tsiku ndi tsiku.

Nkhaniyi iri yaikulu kumidzi koposa m'matauni, pakuti galimoto ya kumudzi siyenda ndi mwini wake yekha. Ndiyo imene imanyamula mai wodwala pakati pa usiku kupita naye ku cipatala ca St Francis ku Katete kapena ku cipatala ca boma ca pafupi. Ndiyo imene imabweretsa feteleza mvula isanagwe, nitenga matumba a cimanga kupita nao ku msika, niperekeza ana ku sukulu zogonera komweko. Tayala likaphulika pa ulendo wotere, pamalo pamene palibe galaji kapena sitolo, obvutika ndi anthu ambiri, ndipo ena mwa iwo sanafunsidwe konse pamene malimuwo anali kugulidwa.

Tsono coyamba ndico kudziwa kuwerenga zolembedwa pa tayala. Magalimoto ambiri ogwiritsidwapo kale nchito amene amacokera ku Japan, nalowa m'dziko lino kudzera ku Dar es Salaam ndi ku Nakonde, monga Toyota Noah ndi ma Toyota Allion ena, amabwera ndi matayala olembedwa kuti 195/65 R15 91H, kapena ndi cilembo cina cotsiriza. Nambala yoyamba, 195, ndiyo kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Yaciwiri, 65, inena za cipupa ca tayala, ndiko kunena mphira wa m'mbali umene uli pakati pa limu ndi mseu. Siinena mamilimita, koma kuti msinkhu wa cipupaco ndi magawo 65 mwa magawo 100 a kutambalala kuja, ndiwo mamilimita 127. Cilembo ca R cisonyeza mapangidwe a waya ndi ulusi wa m'kati, amene kampani ya Michelin ya ku France inalembetsa m'caka ca 1946 ndipo tsopano ali pa magalimoto ang'ono pafupi-fupi onse. Nambala ya 15 ndiyo kukula kwa limu m'mainchi. Nambala ya 91 inena katundu amene tayala limodzi lingasenze, ndiwo makilogalamu 615, ndipo H anena liwiro limene lingapirire, ndiwo makilomita 210 pa ola.

Munthu wodziwa zimenezi akhoza kupeza msinkhu wa wilo lonse, kucokera pansi mpaka pamwamba, ndi pensulo cabe. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, motero limu la mainchi 15 liri ndi mamilimita 381. Akaonjezapo cipupa ca pansi ndi cipupa ca pamwamba, 127 kawiri, apeza mamilimita 635. Nambala imeneyi ndiyo iyenera kusungidwa, limu likule kapena lisakule. Akatswiri a matayala amalangiza kuti wilo latsopano lisasiyane ndi lakale koposa magawo 3 mwa magawo 100, ndipo pa wilo la mamilimita 635 ndiko kunena mamilimita 19 okha, kukwera kapena kutsika.

Kucokera apa lamulo lioneka lokha: limu likakula, cipupa ca tayala ciyenera kufupika. Wofuna limu la mainchi 16, limene liri mamilimita 406, angavale tayala la 205/55 R16, la cipupa ca mamilimita 113, ndipo wilo lonse likhala 632. Wofuna limu la mainchi 17, limene liri mamilimita 432, angavale 225/45 R17, la cipupa ca mamilimita 101, ndipo wilo lonse likhala 634. Mawilo atatu onsewa akaimikidwa pamodzi alingana msinkhu, ngakhale kuti malimu ake asiyana. Masamu amenewa mwana wa giredi 7 akhoza kuthandiza nao atate ake madzulo amodzi, ndipo adzapulumutsa ndalama zambiri.

Munthu wosawerenga amacita cina. Apeza m'sitolo tayala la 215/60 R17, aona kuti lilowa bwino pa limu lake latsopano, ndipo akondwera kuti mphira wake ndi wocindikala. Koma wilo limenelo liri mamilimita 690, lapitirira lakale ndi mamilimita 55. Galimoto ikanyamula anthu, kapena ikagunda m'dzenje, tayala likhula madigadi. Woyendetsa akakhotetsa kwambiri, likhula zitsulo za m'kati mpaka mphira kudyeka. Muvi wosonyeza liwiro nao uyamba kunama, cifukwa umawerenga kuzungulira kwa wilo, ndipo wilo lalikulu limayenda mtunda wautali pa kuzungulira kumodzi. Muvi ukasonyeza 100, galimoto iri kuthamanga pafupi-fupi 109, ndipo woyendetsa adzatsutsana ndi apolisi pa mseu wa Great East ali wotsimikiza mtima kuti sanalakwe. Injini nayo imalemedwa pokwera mapiri onga a Manenekela, ndipo mabuleki agwira nchito yoposa imene anawapangira potsikira ku mlatho wa Luangwa.

Wina alakwira ku mbali inayo. Agula tayala la 195/45 R16 cifukwa ndilo lochipa tsiku limenelo, ndipo wilo lake likhala mamilimita 582 okha. Galimoto itsika ndi mamilimita 26. M'tauni angayese kanthu kakang'ono, koma m'njira za kumidzi, mmene ngolo ndi malole zinakumba mizere iwiri nizisiya msana pakati, mamilimita 26 ndiwo asiyanitsa galimoto yodutsa bwino ndi galimoto yoboola pansi pa injini nitaya oilo yense m'thengo.

Komabe ngakhale masamu atalondola, pali cinthu cimene mwini galimoto ataya nthawi iri yonse pamene akulitsa limu, ndico cipupa ca tayala. Pa zitsanzo zija cinacoka pa mamilimita 127 kufika pa 113, nicitsikanso kufika pa 101. Cipupa cimeneci pamodzi ndi mpweya wa m'kati ndiye mtsamiro woyamba wa galimoto. Wilo likagunda mwala kapena mlomo wa dzenje, cipupa cacitali cimapindika nicibwerera, ndipo limu silikhudza pansi. Cipupa cacifupi cimatha msanga, mphira nupanikizika pakati pa limu ndi mwala, ulusi wa m'kati nuduka. Cizindikiro cake ndico cotupa conga dzira cimene cimaturuka m'mbali mwa tayala. Tayala lotupa motero silingakonzedwe ndi cigamba ciri conse, ndipo likhoza kuphulika tsiku liri lonse, maka-maka pa phula wotentha wa mwezi wa October.

Limu nalo limalandira nkhonya imene mphira walephera kuimeza. Limu lacitsulo likapindika m'mphepete, makanika wa pa msika uli wonse akhoza kuliongola ndi nyundo, munthu nafika kwao. Limu la aluminiyamu, maka-maka lochipa losadziwika kumene linapangidwa, kawiri-kawiri limang'ambika, mpweya nuturuka, ndipo kuliwocerera kufuna makina amene sapezeka pa misika ya kumidzi. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kugwedezeka konse kumene tayala silinameze kumapita ku mashoko, ku mabelingi ndi ku misana ya okwera.

Kunena cilungamo, malimu akulu ali ndi ubwino wake. Tayala la cipupa cacifupi silipindika kwambiri pokhota, motero galimoto imamvera ciongolero msanga pa phula wosalala. Limu lalikulu lipatsanso malo mabuleki akulu, ndipo ndico cifukwa cake magalimoto a mpikisano ndi magalimoto amphamvu a ku Ulaya amavala malimu otere. Koma ubwino umenewu uoneka pa mseu wosalala ndi pa liwiro lalikulu, zinthu ziwiri zimene galimoto ya ku Chama, ku Vubwi kapena ku Chadiza siikomana nazo kawiri-kawiri ikacoka pa mseu waukulu kulowa m'midzi. Ndi bwino kuyang'ana magalimoto amene anawapangira nchito ya m'thengo. Ma Land Cruiser ambiri onyamula katundu amavala 7.50 R16, ndipo ma Hilux ambiri a nchito amavala 205 R16C, onse pa malimu acitsulo ndi zipupa zazitali. Opanga magalimoto amenewa sanasowe malimu onyezimira. Anadziwa kumene magalimotowo adzapita.

Cifukwa cace langizo loyenera kwa mwini galimoto wa kumudzi ndi lakuti, ngati afunitsitsa malimu okongola, agule a kukula komweko kwa amene anabwera ndi galimoto, kuti matayala ake akhale omwewo. Ngati mtima sulola, akwere ndi inchi imodzi yokha. Kulumpha mainchi awiri kapena atatu kusiyidwe kwa iwo amene magalimoto ao sacoka pa phula.

Nambala imene anthu ambiri amaiiwala ndiyo ija ya katundu, ndipo ndiyo yoopsya koposa zonse. Tayala la 215/45 R17 likondedwa ndi ambiri, ndipo pa msinkhu liri bwino, pakuti licepa ndi mamilimita 9 cabe. Koma kawiri-kawiri limabwera ndi nambala ya katundu 87, ndiwo makilogalamu 545, pamene tayala loyamba lija linali 91, makilogalamu 615. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 70 pa tayala limodzi, 280 pa matayala anai, ndiko kunena kulemera koposa matumba asanu a cimanga a makilogalamu 50. Mwini galimoto sadzacepetsa katundu wake cifukwa wasintha malimu. Adzanyamula monga mwa masiku onse, kapena koposa, pa matayala ocepa mphamvu. Tayala lolemedwa limapindika mopitirira pa kuzungulira kuli konse, nilitentha m'kati, mpaka mphira ulekana ndi waya. Nambala ya katundu ya tayala latsopano isatsike pa ya tayala loyamba. Ngati la mphamvu yokwanira silipezeka, afunse la kukula komweko lolembedwa XL, limene analilimbitsa kuti lisenze zambiri likapopedwa mpweya woyenera.

Kwa eni maminibasi ndi magalimoto a katundu mau awa alemera kawiri. Toyota Hiace yambiri imavala 195/80 R15 107/105L, ndipo nambala ya 107 inena makilogalamu 975 pa tayala limodzi. Matayala a nchito yotere amalembedwa C kapena LT, ndipo zipupa zake ndi zolimba koposa za matayala a magalimoto ang'ono. Kuveka minibasi tayala la galimoto yaing'ono cifukwa lakwana pa limu lokongola ndiko kuika miyoyo ya okwera onse pa mphira umene sanaupangire katundu wotero. Wokwera amalipira ndalama yake pokhulupira kuti mwini basi anasamala zimene iye sangathe kuziona.

Limu lenileni nalo liri ndi manambala ake, ndipo kungowerenga mabowo sikukwanira. Allion iri ndi mabauti asanu, Noah nayo iri ndi mabauti asanu, koma a Allion akhala pa mzere wozungulira wa mamilimita 100, olembedwa 5x100, pamene a Noah ali pa 114.3. Limu la imodzi silingalowe pa inzake, ndipo makanika amene adzipereka kukulitsa mabowo ndi tupa kuti lilowe ali kukonza ngozi. Bowo lalikulu la pakati liyenera kukhala bwino pa citsulo cimene lilowapo. Likakula, pafunika mphete zodzazira, apo ai ciongolero cidzanjenjemera. Pali nambala ina yolembedwa kumbuyo kwa limu pambuyo pa zilembo ET, yosonyeza ngati wilo lidzalowa m'kati kapena lidzaturuka kunja. Wilo loturuka kunja kwambiri limadya mabelingi ndi kuponya miyala pa galimoto, lolowa kwambiri limakhula mashoko. Kutambalala kwa limu kuyeneranso kugwirizana ndi tayala: la 195/65 R15 lifuna limu la mainchi 5.5 kufika 7, la 225/45 R17 lifuna 7 kufika 8.5. Kukoka tayala lopapatiza pa limu lotambalala kuti lioneke bwino kumasiya mphepete mwa limu poyera ndipo tayala likhoza kuvuka pokhota.

Ngakhale manati ali ndi nkhani yao. Malimu a aluminiyamu amene Toyota imaveka ku fakitale amamangidwa ndi manati a mutu wophwatalala okhala ndi wasala, pamene malimu ambiri ogula padera afuna manati osongoka. Nati yolakwika imaoneka ngati yamangika, koma igwira pang'ono cabe, ndipo m'mseu wa miyala imamasuka. Mwini galimoto aonetsetse kuti manati ndi a limu lomwelo, awamangenso atayenda makilomita 50 kapena 100 oyamba, aonenso kuti sipanala yake ilowa m'mabowo a limu latsopano ndi kuti manati atsopano agwira wilo la sipeya. Ambiri amazindikira zimenezi usiku, m'mbali mwa mseu, tayala litaphwa kale.

Palinso funso limene wogula ayenera kudzifunsa asanaturutse ndalama: tayala ili likaonongeka pa Lumezi kapena pa Sinda, linzake lidzapezeka kuti? Matayala a kukula kozolowereka amapezeka m'maboma ambiri ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo. A zipupa zazifupi amadula, ndipo nthawi zambiri afuna ulendo wa ku tauni yaikulu. Okonza matayala a m'mbali mwa mseu, amene amagwira nchito ndi zitsulo za m'manja, amabvutika kuwacotsa ndi kuwaveka popanda kukanda limu kapena kung'amba mlomo wa tayala. Apa ndipo munthu amakakamizika kuvala matayala osiyana kukula kumanja ndi kumanzere, cinthu cimene cimakokera galimoto ku mbali imodzi pomanga mabuleki, nicisokoneza ndi makina a ABS amene amayerekeza kuzungulira kwa mawilo anai.

Cifukwa ca kudula kwa matayala otere, ambiri amathawira ku matayala ogwiritsidwapo kale nchito. Wocita tero awerenge zaka za tayalalo. Kuyambira caka ca 2000, mzere wa zilembo woyamba ndi DOT umatha ndi manambala anai: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi caka. Tayala lolembedwa 2319 linapangidwa m'sabata la 23 la caka ca 2019. Mphira umauma ndi zaka ngakhale mizere yake ioneke yakuya, ndipo makampani akulu opanga matayala amalangiza kuti tayala lofika zaka 10 licotsedwe. Mizere ikadyeka kufika pa timizere topingasa ta m'kati, ta mamilimita 1.6, tayala latha. Acenjerenso ndi matayala olembedwa STUDLESS, amene amabwera ambiri kucokera ku Japan. Amenewo anawapangira miseu ya cipale cozizira. Mphira wake ndi wofewa, umatha msanga pa kutentha kwa kuno, ndipo galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime.

Udindo pa nkhaniyi suli pa ogula okha. Amalonda a malimu ndi matayala adziwa manambala onsewa koposa mlimi wobwera kucokera kutali, ndipo wamalonda woona mtima ayenera kufunsa kuti galimoto ndi ya mtundu wanji, imanyamula ciani, imayenda kuti, asanalandire ndalama. Phindu la tsiku limodzi limene lipezedwa pa umbuli wa wogula limabwerera ndi mbiri yoipa, pakuti kumidzi nkhani ya sitolo yonyenga imayenda msanga. Amakanika nao akane nchito yoboola malimu ndi kudula madigadi kuti wilo losayenera lilowe. Bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la miseu la caka ca 2002 ndipo limayesa magalimoto ngati ali oyenera kuyenda, lingathandize kwambiri pophunzitsa oyendetsa kuwerenga matayala m'zinenero zao, pa wailesi ndi pamalo oyesera magalimoto, maka-maka nambala ya katundu pa magalimoto onyamula anthu.

Safunsa anadya phula. Mwini galimoto amene ali kukonzeka kupita ku tauni ndi ndalama za mbeu zake ayambe watsegula citseko ca woyendetsa, pakuti pa mphuthu yake pamakhala kapepala komata kosonyeza kukula kwa tayala ndi mpweya umene opanga galimoto analamula. Mau ake angakhale a Cijapani, koma manambala ali yense akhoza kuwawerenga. Alembe manambalawo pa pepala pamodzi ndi a pa tayala lake, awerengere msinkhu wa wilo, napite nalo pepalalo ku sitolo. Mawilo atsopano akavekedwa, akhotetse ciongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, galimoto iri yodzaza monga imadzazira pa nchito yake, naone ngati palibe pokhula. Ndipo malimu akale acitsulo asawagulitse msanga. Awasunge pa mthunzi pamodzi ndi manati ake, pakuti mvula ikadzayamba mu November ndi miseu ikadzakumbika, adzawafuna.